Mmene mungadzudzulire pa Facebook ndi pa WhatsApp osakagona mu selo

Chaka chatha msuweni wanga anagona mu selo chifukwa cha mjigo. Eya, mjigo. Kumudzi kwathu anthu anasonkha ndalama zokonzetsera mjigo umene unafa, nyumba iliyonse K2,000, miyezi inayi inadutsa amayi akukatungabe madzi kudambo, ndiye iye mtima utamupweteka usiku wina analemba mu gulupu ya WhatsApp ya ana a kumudzi amene tili m'matauni kuti “tcheya wa komiti uja ndi mbava, wadya ndalama za mjigo wagulira njinga ya kabaza, ndipo tonse tikudziwa kuti banja lawo ndi la akuba kuyambira kale.” Mu gulupumo tinalimo anthu oposa 60, ndipo wina mwa ife, mpaka lero sanadziulule, anatenga sikirinishoti n'kutumiza kwa mwini wake tambala asanalire. Patapita masiku atatu msuweni wanga anaitanidwa ku polisi kuti “tikangocheza pang'ono”, anapita atavala masilipasi akuganiza kuti nsima ya masana akadyera kunyumba. Anamuvula lamba pa kauntala.

Chopweteka n'chakuti ndalamazo zinasowadi. Koma njinga ija tcheya anagula atagulitsa soya wake, risiti anali nayo, ndipo amene anasokoneza ndalama anali msungichuma. Ndiye mwaona, msuweni wanga anali ndi nkhani yeniyeni m'manja koma anaiononga ndi kalembedwe, mapeto ake amene anayamba kupepesa ndi iyeyo, wakuba ali phee akuonerera.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga malamulo okhudza zolankhulazi, ndipo zimene ndalemba apa ndi za inu amene mumafuna kudzudzula MP, khansala, amfumu, abusa, bwana wa ku ofesi kaya boma lenilenilo, koma simukufuna kuvulidwa lamba pa kauntala.

Choyamba dziwani kuti ufuluwo ulipodi, si chifundo cha munthu

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 ananena mosabisa. Gawo 34 likupereka ufulu wokhala ndi maganizo anu, gawo 35 likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi, gawo 36 ndi la atolankhani, gawo 37 ndi lopeza nkhani zimene boma likusunga, gawo 38 ndi losonkhana ndi kuchita zionetsero mwabata. Manambala amenewa asungeni pamtima, makamaka 35, amathandiza ukamalankhula ndi wapolisi amene akuganiza kuti sukudziwa kanthu.

Achinyamata a 2000 kuno mwina mumaona ngati zinali chonchi kuyambira kale. Ayi ndithu. Nthawi ya Kamuzu makolo athu ankayamba ayang'ana uku ndi uku asananene kuti shuga wakwera mtengo. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anatengedwa mu 1987 n'kukakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osaonako khothi. Mu March 1992 mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija, kungopezeka nayo m'thumba unali mlandu. Chakufwa Chihana anamangidwa pa bwalo la ndege mu April chaka chomwecho atangotsika. Mpaka referendamu ya pa 14 June 1993 m'pamene pakamwa panatseguka. Ndiye munthu akamakuuzani kuti “osamayankhula za boma, mudzasowa”, akulankhula mantha akale, lamulo silikutero.

Koma buku lomwelo lili ndi gawo 44, ndipo apa m'pamene ambirife sitifika powerenga. Likuti ufulu ukhoza kuikiridwa malire, bola malirewo akhale olembedwa m'lamulo, akhale omveka, ovomerezeka pa mfundo za ufulu wa anthu pa dziko lonse, komanso ofunikadi m'dziko la demokalase. Izi zikudula mbali ziwiri. Wapolisi kapena bwana sangangodzuka n'kupeka malire ake chifukwa mawu anu amuwawa, komanso inu simungaime pa khothi n'kungoti “ndi ufulu wanga” ngati mwaipitsa dzina la munthu ndi bodza.

Musanaposte, gawani nkhani yanu patatu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, zina zonsezo ndi zokometsera. Chilichonse chimene mukufuna kulemba chili ndi zimene munaona ndi maso kapena muli ndi pepala lake, zimene mukuganiza inuyo, ndi zimene munangomva kwa wina. Zitatuzi lamulo limaziona mosiyana kwambiri ngakhale m'mutu mwanu zasakanikirana ngati chigumu.

Zimene munaona ndipo mungazitsimikize, lembani mosaopa, ikani tsiku, malo, kuchuluka kwake. “Tinasonkha K2,000 nyumba iliyonse mu March, lero ndi July mjigo sunakonzedwe.” Palibe loya angakugwireni pamenepa chifukwa choonadi ndi chitetezo chachikulu pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Kungoti, ndipo apa mvetsani, amene amayenera kuonetsa khothi kuti ndi zoona ndinu amene munalemba, osati wodandaulayo kuonetsa kuti ndi zabodza. “Aliyense akudziwa” si umboni. Anzanu 60 aja amene amaika timoto ndi tima emoji toseka pansi pa positi yanu, tsiku la khothi mudzapeza aliyense ali ndi maliro kwawo.

Zimene mukuganiza, zilembeni ngati maganizo ndipo zitsamire pa mfundo imene ili poyera. “Kwa ine komiti imeneyi yalephera ntchito, itule pansi udindo.” “MP wathu zaka zisanu mlatho womwewu osatha, sindidzamuvoteranso ngakhale atandigawira nsalu khumi.” “Bajeti iyi ndi yopha amphawi.” Awa ndi maganizo pa nkhani yokhudza anthu onse, ndipo akhoza kukhala owawa, achipongwe pang'ono, ngakhale olakwika, lamulo limawalola. Munthu amene anapempha yekha mavoti athu kapena akudya misonkho yathu ayenera kukhala ndi khungu lolimba kuposa mayi wogulitsa mandasi pa msewu.

Zimene munangomva, apa ndiye pali dzenje. Njira yabwino ndi kuzisandutsa funso lopita kwa mwini nkhani, funso lenileni lofuna yankho. “A komiti, tionetseni malisiti ndi buku la ndalama Loweruka pa msonkhano.” Koma osati funso lachinyengo lija lakuti “kodi si uyu anaba ndalama uja?”, limenelo ndi chinenezo chovala chipewa basi, majisitireti si mwana.

Taonani kusiyana kwake. Msuweni wanga akanalemba kuti tinasonkha zakuti, papita miyezi yakuti, mjigo sukugwira, komiti ibwere ndi malisiti apo ayi ichoke, tcheya akanathamangira kuti? Akanayamba yekha kumufinya msungichuma. M'malo mwake anaika mawu oti mbava, anaika njinga imene sanaifufuze, n'kuonjezera banja lonse mpaka agogo amene ali kumanda.

Timawu tina timene anthu amaganiza kuti ndi chishango koma si chishango: “akuti”, “zikumveka kuti”, “allegedly”, “ndangolandira inenso”, “forwarded as received”. Kubwereza bodza la wina pamaso pa anthu atsopano ndi kufalitsa ndithu, amene wafowada ndi amene anayambitsa onse akhoza kusumiridwa. China ndi chija choti “sindinatchule dzina”. Ngati mwalemba kuti “hedi wina wa sukulu ya pafupi ndi msika amene amayendera Sienta yofiira” ndipo dera lonse likudziwa kuti ndi ndani, mwamutchula basi.

Nkhani yoipitsa mbiri ya munthu inasintha mu 2025, koma musasangalale mopitirira

Kale gawo 200 la Penal Code, buku la milandu ndi zilango zake, linkati kuipitsa mbiri ya munthu polemba ndi mlandu woti boma likumange. Joshua Chisa Mbele, amene ambiri mumamudziwa pa Facebook, anazengedwa mlandu umenewu atalemba zokhudza mkulu wa asilikali wa nthawi imeneyo, iye n'kukatsutsa lamulolo ku khothi, ndipo mu July 2025 oweruza atatu a High Court atakhala ngati khothi loona za malamulo oyendetsera dziko anagamula kuti gawo 200 likusemphana ndi ufulu wolankhula. Linagwa. Izi zinabwera pambuyo pakuti mu November 2022 aphungu anachotsa mu Penal Code milandu ya sedition, ija inkati ukalankhula zodzetsa chidani pa pulezidenti kapena boma wapalamula. Zinthu ziwirizi ndi zazikulu, osazipeputsa.

Koma chimene chinagwa ndi kumangidwa, kusumiridwa kulipobe. Munthu amene mwamuipitsira dzina akhoza kukutengerani ku khothi payekha kufuna chipukuta misozi, ndipo kumeneko simugona mu selo koma mukhoza kugulitsa poloti. Onjezani ndalama za loya wanu, mukaluza mulipirenso za loya wa mnzanuyo. Anthu andalama amakonda njira imeneyi, kalata ya loya imangofika yoti chotsani positi, pepesani m'masiku 7, lipirani mamiliyoni akuti. Ikakufikani musayankhe ndi positi ina yotukwana, musaing'ambe, pitani nayo kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa ndalama ya loya.

Kenako pali kanthu kena kamene kamapusitsa anthu. Phungu akaima mu Nyumba ya Malamulo n'kutchula munthu kuti ndi wakuba, iye ali ndi chitetezo pa zimene walankhula m'nyumbamo. Inu mukatenga mawuwo n'kuthira mchere wanu ndi tsabola pa Facebook, chitetezo chija sichikutsatirani kunyumba.

Lamulo limene likumangitsa anthu masiku ano

Ndi la 2016, dzina lake Electronic Transactions and Cyber Security Act, anthu amangoti lamulo la cyber. Limeneli ndiye muzilidziwa ngati nambala ya foni yanu. Gawo 86 ndi la kuzunza munthu kudzera pa makina, monga kumangomutumizira zolaula kapena kumuopseza kuti umuvulaza iyeyo kaya katundu wake, chilango chake chimafika K2,000,000 ndi zaka 5 kundende, ndipo limagwiranso amene walola dala kuti foni yake igwiritsidwe ntchito imeneyo, ndiye samalani ndi aja obwereka foni “ndingotumiza kamodzi”. Gawo 87 ndi la kusokoneza mtendere kapena chinsinsi cha munthu mwadala komanso mobwerezabwereza popanda chifukwa chenicheni cholumikizirana naye, K1,000,000 ndi miyezi 12. Gawo 88 ndi la kulondalonda munthu ndi kumuopseza. Gawo 91 ndi la spamu, kutumiza mauthenga osapemphedwa, koma lakhala likugwiritsidwa ntchito pa anthu amene anangolemba zodzudzula.

Mukawerenga bwino magawo amenewa muona kuti analembedwera anthu ozunza anzawo, ngati chibwenzi chakale chimene chikukutumizira mauthenga 40 pa tsiku. Positi imodzi yodzudzula nduna siyikwanira mawu oti “mobwerezabwereza”. Koma kunena zoona, zimene zili pa pepala ndi zimene zimachitika pa siteshoni ndi zinthu ziwiri. Mu 2019 bambo wina anamangidwa atafanizira mayi wa fuko wa nthawi imeneyo ndi kadoli ka mu katuni pa Facebook. Mu May 2022 namwino wina ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zimene analemba mu gulupu ya WhatsApp zokhudza pulezidenti ndi akazi awo. Woyambayo inali nthawi ya DPP, wachiwiriyo nthawi ya Tonse, ndiye musadzinamize kuti chipani chanu chikalowa zimenezi zitha, aliyense akakhala pampando khungu limafewa. Milandu yambiri yotere siifika n'kumapeto komwe, imangozilala, koma munthu wagona kale masiku atatu pa simenti, foni yalandidwa, kuntchito akuyang'ana ndi diso lina. Chilango chenicheni chimakhala chimenecho.

N'chifukwa chake ine ndimati menyani ntchito ya munthu, thupi lake ndi banja lake zisiyeni. Mukaona milandu imene anthu amangidwira, yambiri muli kutukwana, kunyoza nkhope, kutchula mkazi wa munthu kaya ziwalo zobisika. Sindikuti kumanga munthu chifukwa cha chipongwe n'koyenera, kwa ine ndi kuononga mafuta a galimoto ya polisi, koma mutu ndi wanu. “Nduna iyi yalephera, feteleza wafika mvula itatha” ndi chiganizo chovuta kuchipezera mlandu. Mukangoonjezera za mimba yake ndi mayi ake mwawapatsa chogwirira, ndipo nkhani ya feteleza ija yafera pomwepo, anthu ayamba kukambirana za kutukwana kwanu. Mu Penal Code mulinso gawo 182 la mawu achipongwe, 181 la khalidwe losokoneza mtendere, ndi 137 ndime 3 la kunyoza ulemu wa munthu wamayi, amenewa safuna n'intaneti yomwe, amagwira ngakhale pa mjigo kapena mu minibasi.

Ufiti ndi mphekesera

Ichi ambiri sadziwa. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'Malawi muno, lamulo lake ndi Witchcraft Act ya 1911, lakale koma likugwirabe ntchito. Kaya mwanena pa maliro, kaya mu voice note, kaya mwaika chithunzi cha agogo ena n'kulemba kuti “awa ndi amene akumanga mvula”. Mukakumbukira okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu January 2016 atanenedwa za ufiti, mumvetsa chifukwa chake pamenepa ine sindidandaula kuti ufulu wachepetsedwa.

Chimodzimodzi gawo 60 la Penal Code, lofalitsa nkhani zabodza zimene zingadzetse mantha pakati pa anthu. Lamuloli lili ndi vuto lake, lagwiritsidwapo ntchito pa atolankhani amene amangogwira ntchito yawo, koma kumbali inayi tonse tikukumbukira 2017 nkhani ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mmene inathamangira pakamwa ndi pa foni mpaka anthu osalakwa kuphedwa. Uthenga uliwonse woyamba ndi “chenjezo kwa onse, tumizani ku magulupu onse” muziuyamba mwaukayikira. Dzifunseni kuti wanena ndani, kodi Zodiak, Times, Nation kaya MBC anenapo, kodi chithunzicho si cha dziko lina cha zaka zisanu zapitazo. Ngati simukupeza mwini wake, chala chichoke pa batani.

Zina zoti ndingodutsamo mwachangu. Nkhani imene ili ku khothi mukhoza kuikamba, koma kulemba kuti jaji wadya ndalama popanda umboni kapena kuopseza mboni ndi kunyoza khothi. Mwana amene wachitidwa nkhanza kapena ali pa mlandu, dzina ndi nkhope yake osaika, ngakhale mukumumvera chisoni chotani. Zithunzi zamaliseche za munthu “zotayikira” zija, kufowada kwake ndi kulowa nawo mlandu, ndipo ngati ndi mwana ndiye n'zoopsa zedi, chotsani osatumiza kwa aliyense. Kuuza anthu kuti tiyeni tikaotche nyumba ya uje, kapena kuti a mtundu wakuti kaya a chipembedzo chakuti athamangitsidwe, palibe gawo 35 limene lingakupulumutseni.

Komanso tisasokoneze zinthu. Adimini akakuchotsani mu gulupu kapena Facebook ikatseka akaunti yanu masiku 30, kumeneko si kuphwanyiridwa ufulu koti mukadandaule ku khothi, ndi nyumba ya eni. Kuntchito nako, ngati munasaina kuti simudzaulula zinsinsi za kampani ndiye mwaika ma payslip a anzanu pa sitetasi, mukakumana ndi disipulinale osati wapolisi. Inu ma adimini, munthu akaika zoipitsa dzina la wina mu gulupu yanu, chotsani msanga ndipo muchenjezeni poyera, WhatsApp inakupatsani mphamvu yochotsa uthenga wa aliyense, osamangoti “guys tiyeni tilemekezane” uthengawo uli pompo.

Akaunti yabodza sikubisani

Mukhoza kudzitcha Mwana wa Mlimi kapena Namadingo wa ku Ntaja n'kuika chithunzi cha mkango, koma simu khadi yanu munalembetsa ndi chiphaso cha unzika, kuyambira 2018 ndi mmene zilili. Ndipo nthawi zambiri sipafunika n'ukatswiri wa kompyuta womwe, amakuululani ndi mnzanu amene munamuuza mutamwa, kapena kalembedwe kanu komwe, munthu amene amalemba “ndithudi ndithudi” paliponse timamudziwa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndiye sikirinishoti ndi mlomo umene sufufutika, mukhoza kudilita positi pa mphindi ziwiri koma wina wajambula kale.

Umboni mungaupeze kuti

Ngati nkhani ndi ya ndalama za boma, CDF (thumba la chitukuko cha dera la phungu), mankhwala a pachipatala, makuponi kaya kontirakiti ya msewu, pali lamulo la Access to Information limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020 titalidikira zaka zambirimbiri. Si la atolankhani okha, ndi la aliyense. Mumalemba kalata kapena kudzaza fomu kupita kwa ofisala woona zopereka nkhani ku khonsolo kapena ku unduna umenewo, nenani chimene mukufuna mwachindunji, mwachitsanzo ndalama zimene zinaperekedwa pa mlatho wakuti chaka chakuti ndi dzina la kontirakitala, sungani kope yodindidwa tsiku limene alandira. Ayenera kuyankha m'masiku 15 ogwira ntchito. Akakana kapena akangokhala chete mukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, ndi amene amayang'anira lamuloli. Kunena chilungamo maofesi ambiri amazengereza, mudzauzidwa kuti bwana ali ku Salima ku wekishopu, koma ngakhale kukana kwawoko ndi nkhani yoti mukhoza kuposta mosaopa: “tinapempha pa tsiku lakuti, kalata nayi, mpaka lero zii.”

Jambulani zithunzi nokha za mlatho wosathawo, sungani malisiti, mamineti a msonkhano, mauthenga. Ngati ndi katangale weniweni ndipo muli ndi mapepala, nthawi zina ndi bwino kuyamba mwapita ku ACB, bungwe lothana ndi katangale, kapena kwa Ombudsman, kapena kupereka kwa mtolankhani wofufuza amene ali ndi mkonzi ndi loya kumbuyo kwake, kusiyana n'kuti muliponye nokha pa Facebook wakubayo n'kupeza mpata wobisa mafayilo. Atolankhani enieni amateteza amene wawatsina khutu, Gregory Gondwe anagwidwa ndi apolisi mu April 2022 akufunsidwa kuti aulule amene anamupatsa chikalata china, sanaulule.

Za mademo mwachidule: Police Act imafuna kuti okonza apereke chidziwitso kwa DC kapena mkulu wa khonsolo ya mzinda kutatsala maola osachepera 48 kuti tsikulo lifike, koma osapitirira masiku 14. Ndi chidziwitso, si kupempha chilolezo, ngakhale maofesi ena amachita ngati ndi chilolezo. Chikwangwani lembani zomwe mukufuna potsata zomwe takambirana pamwambapa, koma mwala ndi kuthyola shopu ya mwenye si kulankhula.

Zikavuta, akubwera kudzakutengani

Mukaitanidwa “kukacheza” ku polisi, musapite nokha ndipo musapite mwakachetechete. Uzani m'bale, uzani loya ngati muli naye, nenani siteshoni yake. Valani nsapato zenizeni ndi juzi. Ngati n'kotheka pitani m'mawa kumayambiriro kwa sabata, chifukwa gawo 42 likuti womangidwa aonekere ku khothi pasanathe maola 48, koma maolawo akathera pa tsiku limene khothi siligwira ntchito amadikira tsiku lotsatira la khothi, ndiye kumangidwa Lachisanu masana ndi kugona mpaka Lolemba, ndipo amene amakutumizirani apolisi amaidziwa bwino kalendala imeneyi.

Funsani mwaulemu kuti mlandu wanga ndi wotani, gawo liti la lamulo liti. Ali ndi udindo wokuuzani m'chilankhulo chimene mumamva. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo ugwiritseni ntchito, anthu ambiri amadzimanga okha pa sitetimenti pofuna kufotokoza kuti “ine ndimangocheza bwana”, pamenepo mwavomera kale kuti munalemba ndinu. Nenani dzina, kumene mumakhala, kenako “zinazo ndiyankha loya wanga akabwera.” Musasaine pepala limene simunawerenge kapena limene lalembedwa mosiyana ndi zimene mwanena. Palibe amene ali ndi mphamvu yokukakamizani kuvomera mlandu. Akafuna foni, funsani ngati ali ndi walanti ya khothi, koma osalimbana nawo ndi manja, ingoonetsetsani kuti yalembedwa m'buku ndi mtundu wake. Ndipo chonde musayambe kudilita zinthu mutamva kuti akukufunani, iwo sikirinishoti ali nayo kale, inu mukhala mwataya mbali imene ikuonetsa kuti nkhani inayamba bwanji.

Belo ya ku polisi ndi yaulere, zinalembedwa m'zikwangwani m'masiteshoni momwemo. Wina akati “tipangeni ya fanta kuti zitheke”, dziwani kuti akupempha ziphuphu. Pezani achibale awiri okhala ndi ziphaso oti akuimireni. Ngati mulibe ndalama ya loya, Legal Aid Bureau ilipo chifukwa cha anthu ngati inu, ma paralegal amayenderanso maselo ndi ndende, afunseni. Mtolankhani aimbire MISA Malawi, bungwe loteteza atolankhani, msanga. Mukamenyedwa kapena kusungidwa kupitirira nthawi, dandaulo limapita ku Independent Complaints Commission imene imaona za apolisi, kapena ku Human Rights Commission. Ku khothi musathamangire kuvomera mlandu pongofuna kuti zithe mupite kunyumba, kuvomera kumakusiyirani mbiri ya mlandu imene idzakutsatani pofuna ntchito kaya visa, yambani mwalankhula ndi loya.

Nanga ngati mwazindikira nokha kuti munalakwitsa, munanena munthu zimene sanachite? Konzani msanga zisanafike patali, ndipo konzani pamalo pomwe munalakwirapo. Munanena mu gulupu, pepesani mu gulupu momwemo, osati ku inbox. Tchulani chimene chinali chabodza, osati zija zoti “ngati ena anakhumudwa pepani”. Kupepesa koyera kumachepetsa chipukuta misozi ngakhale nkhani itapita ku khothi, ndipo nthawi zambiri munthu amangofuna dzina lake litsukidwe basi.

Msuweni wanga anachita zimenezo atatuluka. Analemba mu gulupu kuti za njinga zija zinali zabodza, za banja zija analankhula mopsa mtima, tcheya anakachotsa dandaulo ku polisi, nkhani inakathera kwa amfumu ndi mbuzi imodzi imene tinasonkherana ife omwe tinkaika timoto tija. Pa bwalo lomwelo m'pamene mayi wina wachikulire, amene alibe n'foni yomwe, anaimirira n'kufunsa kuti nanga buku la ndalama lili kuti, msungichuma n'kuyamba kuyang'ana pansi. Akubweza pang'onopang'ono mpaka pano, K10,000 pa mwezi akakumbukira. Mjigo unakonzedwa mu October, mu January unafanso.